Mwala wa Guwa Umene Ndinathawa Nawo

Anthu a m'mudzi mwathu ananditcha mfiti chifukwa cha mwala. Si mwala waukulu ayi. Ndi wosemedwa bwino, waphanthiphanthi, wa mbali zinayi zofanana, woti mutayala zikhatho ziwiri pamwamba pake mwauphimba pafupifupi wonse. Koma kulemera kwake musakuderere. Msana wangawu ndiwo ukudziwa.

Abambo anga anali akatekista a kapela ya kwathu. Anaphunzira ku misiyoni ya Fonte Boa ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: kalembedwe kokongola ndi kuuma mutu. Kalembedweko sindinatengere. Kapelayo inali ya zidina zosawotcha, yofolera ndi udzu, ndipo apadiri ankatifika mwa apo ndi apo chifukwa tinali kutali. Guwa lathu linali meza ya mlombwa. Pakati pa mezayo mmisiri anagoba kamalo ka mbali zinayi, ndipo mwala unkakhala mmenemo, utaphimbidwa ndi nsalu zoyera.

Loweruka lililonse ine ndinkasesa m'kapela, amayi ankachapa nsalu za pa guwa, abambo nkumapukuta mwalawo. Sankaugwira ndi manja okha. Ankayamba akulunga dzanja m'kansalu koyera. Tsiku lina ndinawafunsa ngati mwalawo umatentha. Anaseka, kenaka anandiitana kuti ndiyandikire, manja nditaika kumbuyo.

Anandiuza kuti apadiri achipwitikizi ankautcha pedra de ara, ndipo ara ndi guwa m'Chilatini, chinenero chakale cha Misa. Anandionetsa timitanda tisanu tosemedwa pamwamba, kamodzi pa ngodya iliyonse ndi kamodzi pakati, tokumbutsa mabala asanu a Ambuye. Kenaka analoza kamalo kakang'ono komata, kosiyana mtundu ndi mwala wonsewo. Anati mkatimo muli kachidutswa ka fupa la munthu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Kalekale akhristu akusakidwa ngati nyama, ankachitira Misa pamwamba pa manda a anzawo ophedwawo. Mpingo utafalikira kutali, manda sakanatheka kuwasenza. Ndiye ankatenga kachidutswa, nkukatsekera m'mwala, abisipu nkuudzoza mafuta oyera. Apadiri a masiku amenewo sankachita Misa popanda mwala wotero.

"Meza iyi ndi thabwa chabe, chiswe chitha kudya," anatero abambo. "Guwa ndi uwu. Paliponse pamene wagona, pamenepo ndi pa guwa. Wamva, mwana wanga?"

Ndinamva, koma sindinadziwe kuti ndikumvera katundu wanga yemwe.

Nkhondo inatifika ndili nditangotha msinkhu. Mmawa wina tinaona utsi ukufuka m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo anthu ankadutsa pakhomo pathu akuthamanga, osapereka ndi moni yemwe. Abambo anamanga thumba la chimanga pa njinga nkukhazikapo mng'ono wanga. Amayi anali ndi khanda kumsana ndi mtolo pamutu. Titati tiziyambapo, abambo anasiya njinga nkuthamangira ku kapela. Anabwerako atafukata chinthu chokulungidwa mu nsalu za pa guwa. Anayang'ana amayi, anayang'ana njinga, kenaka anayang'ana ine. Msana wopanda katundu unali wanga wokha.

Amayi anandimanga mwalawo kumsana ndi nsalu ya kapulana, mfundo pachifuwa. Tinalowera njira za m'mapiri zopita ku Dedza. Poyamba sunkalemera. Dzuwa litafika pamutu, ngodya zake zinali zitapeza mafupa anga onse, ndipo ina inkandicheka pansi pa phewa pa sitepe iliyonse. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero. M'njiramo anthu ankataya katundu mmene mphamvu zinkathera. Tinadutsa miphika, mipando, ngakhale makina osokera atagona m'udzu. Pa mtsinje wina ndinakhala pansi nkuyamba kulira. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anandiuza monong'ona kuti ndingoumasula ugwere m'madzi, abambo akafunsa ndidzati unapulumuka. Sindibisa, ndinagwira mfundo ija. Koma nditaona abambo akukankha njinga pa chitunda, malaya atanyowa, mkwiyo unandigwira, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Ndinadzuka nkuwoloka.

Ku Malawi tinakhalako zaka. Apadiri a kumeneko atamva za mwalawo anadzipereka kutisungira, koma abambo anathokoza nkukana. Anati uli ndi kwawo, monga ifenso tili ndi kwathu. Anausunga m'bokosi la chitsulo, pansi pa zovala zawo za Lamulungu. Kenaka chifuwa chinawagwira. Atazindikira kuti sadzuka, anandiitana masana ena ali pa mphasa panja.

"Iwe ndiye udabwera nawo, iwe ndiye ubwerere nawo," anatero. "Usadzaupereke m'manja mwa munthu. Ukaubweze pa guwa la kwathu."

Ndinavomera. Tinawaika komweko, m'manda a eni ake.

Mtendere utabwera tinabwerera kudzera pa malire a Kalomwe, bokosi lija lili pamutu panga. Kapela tinaipeza itasanduka chulu, mitengo itamera pamene panali meza. Anthu anamanga chisakasa cha udzu. Atabwera koyamba apadiri okalamba amene ankawadziwa abambo, ndinayala mwalawo pa kameza kobwereka. Anauyang'ana nthawi yaitali, nkuupsompsona, misozi ikutsika. Kuyambira pamenepo, apadiri akamabwera ndinkaunyamula, Misa ikatha nkubwerera nawo kunyumba. Chisakasa chinalibe chitseko, ndipo mbuzi zinkagonamo mvula ikamagwa. Pa mwala umenewo ndinakwatitsidwa ine. Pa mwala womwewo anakwatitsidwa alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amene pambuyo pake anasankhidwa kukhala animadori, mtsogoleri wa akhristu a m'mudzi mwathu.

Apadiri okalamba aja atapita, kunabwera achinyamata. Iwo anatiuza kuti malamulo anasintha kalekale, Misa imatheka ngakhale popanda mwala. Alamu anga anati ndisamadzivute nawo. Ndinaleka kuunyamula, koma sindinaleke kudikira. Ndinkadziwa kuti tsiku lina tidzamanga kapela yeniyeni, ya chitseko.

Amuna anga anamwalira ana akadali pa sikola. Ndinalera anawo ndi mbatatesi. Ndinkatuta manyowa ku khola ndi dengu, ndinkapita ndekha ku Domwe kukasankha mbewu, ndipo dzuwa linkandipeza ndili kale m'dimba. Mbatatesi yanga inkabereka, osati pang'ono. Ena ankakolola timbatatesi tonga mazira a njiwa, ine ndikutulutsa zodzaza dzanja. Palibe anabwera kudzandifunsa kuti ndimachita bwanji. Kufunsa nkowawa, kunong'ona nkokoma.

Tsoka ndinadziitanira ndekha ndi pakamwa pangapa. Titayamba kuumba njerwa za kapela yatsopano, tsiku lina amayi tinakhala pansi kupuma. Mtsikana wina wokwatiwa kumene anafunsa kuti mwala umene amamva kuti ndimasungawo ndi wa chiyani. Mtima unadzaza chimwemwe kuti pali mwana wofuna kudziwa. Ndinafotokoza zonse monga anandifotokozera abambo: timitanda tisanu, mafuta oyera, manda a akhristu oyamba. Ndinafika pa kafupa kaja. Nditamaliza, ndinaona kuti aliyense akuyang'ana pansi. Mmodzi anadzuka kuti akaone mwana. Wina anakumbuka kuti anasiya nyemba pamoto.

Kwathu kuno fupa la munthu wakufa likapezeka m'nyumba mwako, palibe amafunsa kuti ndi la woyera kapena la wakuda. Ndi chizimba basi. Sabata isanathe nkhani inali itamera miyendo. Ankati mayi uja ali ndi mfumba, mwala wake umakoka mbatatesi m'minda ya anzake kupita m'dimba mwake. Ena anawonjeza mchere, amvekere ngakhale amuna ake aja sanafe imfa ya Mulungu. Mawu amenewo anandilasa. Munthu amene ndinamusambitsa ndi manja angawa miyezi yonse ya matenda ake! Ndinalira m'nyumba, koma panja ndinatuluka maso ali gwa. Ntchito yochapa nsalu za pa guwa, imene ndinalowa m'malo mwa amayi, anaipereka kwa wina osandiuza. Lamulungu ndikakhala pa benchi, malo ankapezeka ambiri mbali zonse ziwiri.

Makoma atakwera ndi malata atakhomedwa, alamu anga anabwera kunyumba. Ndinawayalira mpando pakhonde. Kale tinkaselewulana ngati alamu onse, iwo nkumati adzandilowa chokolo chifukwa cha mbatatesi. Tsiku limenelo sanaseke.

"Alamu, ndabwera ndi mawu a gulu la akhristu," anatero. "Chinthu chija mutipatse. Tikachisiya ku misiyoni, akachitsekere kumeneko. Anthu mitima ikhale pansi, inunso dzina lanu liyere."

"Chinthu chiti?"

"Mukudziwa. Mwala uja."

"Ndiye utchuleni dzina. Pa tsiku la ukwati wanu simudautche chinthu."

Anakanda m'mutu. Anati guwa latsopano lidzakhala la njerwa, pamwamba athirepo simenti wosalala, ndipo gulu lagwirizana kuti pasakhale malo a mwala. Anati anthu ena anena kuti mwalawo ukalowa, iwo sadzapondamo.

"Alamu," ndinatero, "abambo adati ndisaupereke m'manja mwa munthu. Inu ndinu munthu kapena ndinu guwa?"

"Akufa sadzakufunsani."

"Ndidzadzifunsa ndekha."

Ndinakana kwamtuwagalu, iwo nkuchoka osatsanzika bwino. Mawa lake ndinakwera njinga ya mwana wanga wamkulu kupita ku misiyoni. Apadiri anandilandira mwaulemu nkumvetsera mpaka kumapeto. Anati zonse zimene abambo anandiphunzitsa nzoona. Mwalawo siwokakamiza masiku ano, koma siwoletsedwa, ndipo akadzabwera kudzadalitsa kapela adzauika okha ndi manja awiri ngati malo ake alipo. Analonjeza kudzalankhula ndi anthu pa tsikulo. Ndinathokoza, koma pobwerera ndinkawerenga masiku. Kudalitsa kunali mwezi wotsatira. Simenti ankathira Lachinayi la sabata yomweyo. Simenti akauma wopanda malo, apadiri adzapeza nkhani itatha, mwala nkukathera m'kabati ya ku misiyoni.

Lachinayi mmawa ndinatsegula bokosi. Ndinakulunga mwala mu nsalu zake zakale zija, zimene zinali zitasanduka zachikasu. Ndinawerama, nkuuponya kumsana, nkumanga kapulana mfundo pachifuwa. Ngodya ija inapeza chipsera chake ngati inachoka dzulo. Sindinazembe kuseri kwa nyumba ayi. Ndinadutsa pakati pa mudzi, pa mjigo pomwe, amayi atafola ndi ndowa zawo. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi. Ena anayankha, ena anangoti kukamwa yasa, ndipo ambiri anasiya ndowa nkunditsatira chapatali.

Mmisiri womanga anali bambo wa mudzi wina, wa mpingo wina, amene za mikangano yathu sankazidziwa. Ndinampeza atamanga kale njerwa za guwa, atakhoma matabwa m'mbali, simenti atasakaniza pansi. Alamu anga anali pomwepo ndi amuna a gulu. Ndinalowa, ndinagwada pakhomo monga mwa mwambo, kenaka ndinapita kutsogolo nkukhala pamwamba pa njerwa zija, pakati penipeni pa matabwa.

"Alamu, nchiyani chimenechi?" anafunsa alamu anga. "Tsikanipo, mukutichititsa manyazi."

"Thirani," ndinatero. "Thirani simenti wanu. Mukapanda kusiya malo a mwala, musiya malo a ine."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti ndichotse ufiti wanga m'nyumba ya Mulungu. Apo mtima unandiyaka. Ndinamasula kapulana, ndinaika mtolo pamiyendo, nkuyamba kuvundukula. Anthu anabwerera m'mbuyo ngati ndikutulutsa njoka. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaugwirepo mwalawo ndi manja okha. Tsiku limenelo ndinati abambo mundikhululukire, nkuunyamula ndi zikhatho zanga za mbatatesizi kuti aliyense aone. Unali wozizira ngati madzi a m'mawa.

"Onani," ndinatero. "Werengani mitanda. Mfiti iti imasema mitanda pa chizimba chake? Kafupa kali apa, sindidabise, ndidakuuzani ndine ndemwe. Ndi ka munthu amene adakana kutaya chikhulupiriro mpaka adamupha. Sindimudziwa dzina, sindidziwa kwawo. Chimene ndidziwa nchakuti adathawa nafe, adakhala nafe kwa eni, adabwerera nafe. Inu alamu, mkate wa pa ukwati wanu udadalitsidwira pamwala uwu. Inu bambo mukukuwa kumbuyoko, ana anu adalandira mgonero koyamba kuchokera pamwala uwu. Ngati ndi ufiti, mudayamba kudya ndinu."

Kenaka ndinapitiriza, poti ndikayamba sindidziwa kuleka.

"Za mbatatesi, bwerani mawa ndi madengu. Ndikakuonetsani chizimba changa. Chili ku khola, chimanunkha, ndipo chimafuna msana."

Amayi ena kukhomo anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni tsopano. Pakati pawo panali mayi uja wa pa mtsinje, atakalamba, akuyendera ndodo. Sindinkayembekezera kanthu kwa iye. Koma analankhula osakweza mawu.

"Ine ndidamuuza mwanayu kuti autaye m'madzi," anatero. "Adakana. Magazi adali akutsika kumsana. Lero ndiye muti akumvereni inu?"

Alamu anga anayamba kunena kuti nkhaniyi iyenera kubwerera ku gulu, tikhalenso pansi Lamulungu. Mmisiri uja, amene nthawi yonseyi ankangovundula simenti ndi fosholo, anaimika fosholoyo.

"Akuluakulu, simenti sadikira mlandu," anatero. "Akauma apa, mugula wina. Mayi, tagwirani bwino ndiyeze."

Anatulutsa tepi, anayeza m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala kwake, osaukhudza mwalawo. Anadula kathabwa kofanana nawo, nkuwonjezera pang'ono. Anayang'ana alamu anga. Alamu anga anayang'ana anthu, anthu nkuyang'ana pansi. Palibe anati ayi. Ndinatsika pa njerwa zija mwendo utachita dzanzi. Mmisiri anathira simenti, anasalaza, nkumiza kathabwa kaja pakati. Sindinachoke mpaka nditakanikiza chala pambali nkuona kuti sichikulowa.

Potuluka alamu anga anayenda pafupi nane.

"Alamu, mutu wanuwu ndi wouma kuposa mwalawo," anatero.

"Ndi wa akatekista," ndinayankha. "Mukadawadziwa bwino simukadataya nthawi."

Pa tsiku lodalitsa kapela, apadiri anandiitana kutsogolo. Sindinawapatse m'manja. Ndinawauza chifukwa chake, iwo nkumwetulira nkundipatsa njira. Ndinauika ndekha m'kamalo kaja, ndipo unalowa bwinobwino osagwedera. Kenaka apadiri anafotokozera anthu za timitanda tisanu, za mafuta oyera, za manda a akhristu oyamba, mpaka za kafupa kaja. Mawu ake anali omwe aja ndinanena ine pa njerwa. Anthu ankagwedeza mitu ngati akumva koyamba, ena mpaka kuombera m'manja. Zinandipweteka, sindinama. Pakamwa pa mwamuna wovala mkanjo zinali zoyera, pakamwa pa mayi wa mbatatesi zinali ufiti. Koma atayala nsalu, apadiri nkuwerama kupsompsona pamalo omwe aja ankapsompsona apadiri okalamba, mkwiyo unandichokera ndipo ndinalira osabisa nkhope.

Alipo awiri atatu amene sanapondemo m'kapela miyezi ingapo. Anabwerera okha maliro atawagwera. Chaka chimenecho mbatatesi yanga inabereka monga mwa masiku onse, bokosi lili lopanda kanthu. Ndinadzaza dengu ndi zikuluzikulu zokhazokha nkukatula pakhomo pa alamu anga. Ndinati alaweko, aone ngati ikukoma mosiyana. Anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti nkhani ya chokolo ija sinathe. Pepani sananene, ndipo sindinamudikire. Ena akuti mphamvu ya mwala inatsalira m'manja mwanga tsiku lija ndinaugwira. Asiyeni anene, pakamwa mpawo. Ku khola kuja sanabwerebe ndi madengu.

Ntchito yochapa nsalu za pa guwa palibe anandibwezera. Ndinadzibwezera ndekha. Loweruka lina ndinangopita nkukazitenga, ndipo amene ankafuna kundiletsa sanapezeke. Ndikachotsa nsalu, kapela ili yopanda anthu, ndimaika chikhatho pamwala uja kanthawi. Kansalu kokulunga dzanja ndinakasiya. Ngati ndikulakwa, tidzakambirana ndi abambo ndikadzawapeza.

Iwo ali ku Dedza mpaka lero, m'manda amene ndikati ndikawaone ndimayamba ndapempha kwa eni ake. Sindinathe kuwabweretsa kwawo. Chimene anandimanga kumsana ndicho ndinabwera nacho, ndipo sichinadutse m'manja mwa munthu.